Sipanala ya Mkamwini

Kuno kwathu ku Mkanda, munthu akafuna kumanga nyumba amayamba wapita kwa a Vitus Kaphwiti kukatukwanidwa. Sapita kukawalemba ntchito ayi, pakuti a Vitus samangira munthu. Iwo ndi mlimi wa mtedza, ndipo mpeni womangira amaugwira pakhomo pawo pokha. Koma nzeru za zomangamanga ali nazo, ndipo amazigawa ulere, kungoti amazikulunga m'minga.

"Mchenga uwu mwautapa kuti?" amafunsa, akuufinya m'manja.

"Pamsewupa, bambo."

"Ndiye mukumanga nyumba kapena mukuumba mphika? Fumbatani mchenga wonyowa. Ukadetsa chikhatho, dziwani kuti muli dothi, simenti yanu mwataya. Pitani kumtsinje, miyendo muli nayo."

Munthu amachoka pamenepo makutu ali psuu, koma amapitadi kumtsinje. Wina akabwera ndi ngodya yopotoka, a Vitus amamuyang'ana ngati wabwera wosasamba. "Kusukulu munkapita kukadya phala? Yezani mamita atatu mbali iyi, anayi mbali iyo. Chingwe cha pakati chikapanda kukwana mamita asanu, zulani zikhomo muyambirenso. Diso lanulo musalikhulupirire, si ilo linakusankhirani njinga yopindika ija?"

Ndi munthu wamfupi, wouma ngati nsungwi, wosaseka kawirikawiri. Kuseri kwa khutu kumakhala pensulo, ndipo m'chiuno, pa chingwe cha nsapato, mumalendewera sipanala yaing'ono ya nambala teni. Amapita nayo kumunda, kutchalitchi, ngakhale kumaliro. Anthu ankati ndi ya njinga.

Nyumba yawo ndi yomwe imatsimikizira kuti kutukwana kwawo si kwa ulesi. Zipinda zinayi, njerwa zofiira zolira ngwee ukazigogoda, mizere yowongoka ngati ya m'kope. Khonde ndi lotambalala mbali zonse, moti mvula siinyambita khoma. Mitengo ya padenga anaipaka oyilo wakuda wotsala m'magalimoto, ndipo chiswe chikafika pamenepo chimatembenuka. Koma pa zaka makumi awiri ndi chimodzi, nyumba imeneyi sinalaweko simenti ngakhale ya pa supuni. Njerwa anamangira dothi la pachulu. Pansi anangoyala njerwa pa mchenga. Mafelemu a zitseko ndi mazenera anawagwiritsa ndi mabawuti. Malata sanakhome ndi misomali wamba, anamanga ndi misomali ya mazinga, yolowa ndi kutuluka ndi sipanala. Ndipo lata lililonse lili ndi nambala yake kunsi, yolembedwa ndi penti woyera, kuyambira 1 mpaka 42.

Akazi awo, a Stelia, omwe timawatchula kuti Anambewe, ankafunsa chaka ndi chaka akagulitsa mtedza.

"Abambo a Pilirani, chaka chino tithire simenti pabalazapa. Ndatopa ndi kusesa mchenga wotuluka m'mipata ya njerwa."

"Nyumba iyambe yakhazikika."

"Nanga manambala awa?"

"N'ngothandiza kudziwa pomwe pakudontha."

Denga lake silinadonthepo, ndipo nyumba inakhazikika mpaka Pilirani, mwana wawo, anabadwa, anakula, anapita kukaphunzira unamwino. Anzawo kumjigo ankakamba za polishi wofiira wa pansi, Anambewe n'kumangoyang'ana ndowa.

Chifukwa chenicheni chinali kwina. A Vitus kwawo ndi ku Chiosya, ndipo kuno anabwera kudzakhala chikamwini, ndiko kuti mwamuna kukhala kumudzi kwa mkazi wake, pamalo a akuchikazi. Bambo awo nawonso anali mkamwini. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ya simenti, yoyamba m'mudzi monse, ndi ndalama za fodya wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mkazi wawo atamwalira, akuchikazi anadikira kuti amete maliro, kenako anawathokoza bwinobwino chifukwa chokhala nawo mwamtendere. Mkuluyo anachoka ndi njinga, wailesi ndi bulangete. Pofika pamsewu anacheuka, n'kuona wina akuyesa kale kiyi pachitseko. A Vitus anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anaziona zonsezo ndi maso awo.

Ndiye pamene anakwatira kuno, anamanga nyumba yabwino, chifukwa yoipa sakanatha kugonamo. Koma anaimanga yoti tsiku lothokozedwa likadzafika, adzathe kuimasula yonse, njerwa ndi njerwa, n'kuikweza pangolo. Njerwa yomangira dothi ukaigogoda imachoka yamphumphu. Yomangira simenti imasweka. M'mudzi muno sanauze munthu.

Tsopano Anambewe ali ndi mlongo wawo wamkulu, a Goliati, yemwe ndi mwini mbumba, ndiye kuti woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Awiriwa, a Goliati ndi a Vitus, anadana tsiku lomwe anaonana, ndipo sanaonepo chifukwa chosinthira. A Goliati ndi munthu wa mawu aakulu ndi mimba yake yomwe, wolima fodya. Alamu awo sawatchula dzina. Amati "mlendo wathu uja."

Chaka china fodya anawayanja a Goliati, ndipo analumbira kuti amanga nyumba yoti mlendo uja adziwe kuti eni mudzi alipo. Anamanga m'masabata atatu. Maziko anakumba kuya kwa khasu limodzi. A Vitus anadutsa pamenepo ndi njinga, naima mwendo umodzi pansi.

"Alamu, mukudzala chinangwa?"

"Pitirirani ulendo wanu."

"Kumbani mpaka mupeze dothi lolimba lokana khasu, ngakhale lifike m'chiuno. Ndipo pamwamba pa maziko muyale pepala lakuda lija, apo ayi chinyezi chidzakwera khoma ngati nyerere."

"Munthu wosadziwa mtengo wa simenti asandiphunzitse kumanga!"

Simenti ya a Goliati inali ndi mbiri yake. Anaigula motchipa ku Chipata chaka chapitacho, n'kuiunjika pansi m'shedi ya fodya, yotsamira khoma, dzinja lonse. Pomafika nthawi yomangira, matumba anali atauma gwa ngati miyala. Iwo anaitana adzukulu kuti aisinje mumtondo. Nkhani itawapeza a Vitus, akuti anakhala pansi. "Simenti imasanjidwa pa matabwa, kutali ndi khoma, ndipo isapyole miyezi itatu. Ikauma yafa. Mungaisinje, mungaipete, mungaisefe, mwasinja maliro." Mawu amenewa anawafikira a Goliati tsiku lomwelo, pakuti kuno mawu sagona panjira.

Patapita mvula ziwiri, khoma la kuchipinda kwa a Goliati linang'ambika kuchokera pazenera mpaka pansi, mng'alu woti nkhuku yaing'ono n'kudutsa. A Vitus akamadutsa ankapereka moni kudzera pamng'alupo.

"Mwadzuka bwanji m'katimo, alamu? Ayi musavutike kutsegula chitseko, ndakuonani kale."

Munthu wonyozedwa chotero amafunafuna pobwezera, ndipo a Goliati anapapeza ku Boma, m'sitolo ya a Mahomedi, omwe amagulitsa zipangizo zomangira. A Mahomedi ndi munthu wabwino, sanafune kuyatsa moto. Ankangoyamikira kasitomala wawo wakale.

"Alamu anu aja ndi mutu," anatero akukulunga misomali. "Zaka zonsezi sanagulepo chinthu chokhomerera. Zonse zomasula. Ndinawafunsa kuti bwanji, anati munthu wokhala pamalo a eni asamange chomwe sangathe kunyamula."

A Goliati anapalasa njinga kubwerera ku Mkanda osaima ngakhale pogula nzimbe. Anawapeza alongo awo akusenda mtedza pakhonde pamodzi ndi a Esitele, oyandikana nawo nyumba, ndipo sanadikire n'komwe kuti a Esitele achoke.

"Mlongo, ukudziwa kuti ukugona m'katundu? Nyumba iyi ndi mtolo womanga kale. Manambala ukuwaona m'mwambawo ndi oti podzakweza pangolo asadzasokoneze. Zaka zonsezi munthuyu mwendo umodzi uli pamsewu!"

Anambewe anayang'ana kudenga nthawi yaitali. A Esitele akuti anamva mtedza ukusweka m'manja mwa mnzawoyo. Madzulo a tsikulo Anambewe anawafunsa amuna awo funso limodzi lokha.

"Abambo a Pilirani, sipanala ili m'chiunoyo ndi ya njinga?"

A Vitus sadziwa kunama kawiri pa nkhani imodzi. Anangoti, "Munali kulibe tsiku lomwe bambo anga anachoka."

"Ndinalipo masiku ena onsewa," anatero Anambewe, nalowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo pakhomopo panazizira. Chakudya chinkafika patebulo nthawi yake, koma mawu ayi. Ndipo tinayamba kuona wakabaza akutsitsa thumba lolemera kuseri kwa nyumba ya a Esitele, Lachitatu lililonse, a Vitus akapita kumsika. A Esitele, omwe sasunga chinsinsi kupyola ola limodzi, ulendo uno anatseka pakamwa mpaka ena tinkaganiza kuti akudwala.

Moto weniweni unabuka mu Okutobala. A Goliati anaganiza zogwetsa khoma long'ambika lija n'kumanganso. Anaumba njerwa, anasanja uvuni, koma nkhuni analibe. Kuseri kwa nyumba ya a Vitus kunali mitengo ya bulugama yomwe iwo anadzala zaka khumi ndi zisanu zapitazo, n'kumaithirira ndi ndowa chilimwe chonse. Tsiku lina pobwera kumsika anapeza zitsa khumi ndi ziwiri, ndipo utsi ukufuka kwa alamu awo.

Anapita komweko osatsitsa ngakhale katundu panjinga. Anthu anali ambiri, pakuti powotcha njerwa sipasowa oonerera.

"Alamu, mitengo yanga yayenda yokha?"

"Mitengo yanu? Munabwera nayo kuchokera ku Chiosya? Yamera pa nthaka ya mbumba yanga."

"Ndi yaiwisi, munthu wopanda mutu inu! Muwotcha masiku awiri, moto uzilala, njerwa zakunja zipsa, zam'kati zikhala zigumu. Uvuni umafuna nkhuni zouma, moto wapang'ono tsiku loyamba kuti chinyezi chituluke, kenako waukulu osadukiza. Mwaba mitengo kuti muwononge dothi!"

Taonani munthuyu. Amubera, koma chomwe chikumupweteka kwambiri n'choti wakubayo akuwotcha molakwika.

A Goliati anatupa. "Mwanditcha wakuba pamaso pa adzukulu anga? Pamudzi pa amayi anga? Inu, tambala wobwereka? Ntchito yanu inatha, mwana anabadwa. Mwakhala mukudikira tsiku lonyamuka, ndiye ndi limeneli. Dzuwa la Loweruka lisakupezeni pano!"

Mawu otere amanenedwa kawirikawiri pamowa, ndipo m'mawa mwake ankhoswe amawakonza. Koma a Vitus anali atawadikira kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anangotembenuza njinga yawo. Ena amati anaoneka ngati munthu amene wapepukidwa.

Kutacha, tinadzidzimuka ndi phokoso la malata. A Vitus anali padenga, sipanala m'manja. Kwee, kwee, kwee, msomali m'thumba. Lata nambala 42 linatsika, kenako 41, kenako 40, lililonse n'kukasanjidwa pa linzake mwa ndondomeko. Palibe lomwe linapindika. Ndinene zoona, inali ntchito yokongola. Pomakwana teni koloko, balaza lonse linali pamtetete, dzuwa likuwomba pa mipando. Ngolo inali itaitanidwa kale kuti ibwere Lachisanu. Kumadzulo, cha ku Zambia, mitambo inali itayamba kuunjikana monga imachitira mvula yoyamba ikayandikira.

A Goliati anafika atanyamula mpando wawo, nakhala pansi pa mtengo wa mango. Koma nkhope inali itasintha. Iwo ankayesa kuti mlendo achoka ndi bulangete, nyumba n'kutsala. Sanaganize kuti mlongo wawo atsala pa bwalo lopanda kanthu mvula ili pakhomo.

"Malata tengani, koma njerwa ndi dothi lathu!" anakuwa.

"Dothi lake ndinagula pachulu cha kutsidya, mboni zilipo," anayankha a Vitus osacheuka. Kwee, kwee.

Apo ndi pomwe Anambewe anatulukira kuchokera kwa a Esitele, akukankha wilibala, m'menemo muli thumba la simenti. Sanayang'ane amuna awo, sanayang'ane alongo awo. Anatulutsa mipando ya pabalaza, nakhuthula simentiyo pakati penipeni pa nyumba, pamwamba pa njerwa zoyala zija. Kenako anatenga fosholo, napita pamsewu, pomwe pamadutsa ng'ombe, nayamba kutapa mchenga.

Sipanala inasiya kulira.

Wilibala yoyamba inalowa. Yachiwiri. Yachitatu. Mchenga wake wofiira, wosakanikirana ndi ndowe ndi makoko a mtedza.

"Mukutani?" mawu anachokera kumwamba.

"Ndikuthira simenti m'nyumba mwanga. Inu pitirizani kusamuka."

Yachinayi. Yachisanu.

"Thumba limodzi, mawilibala asanu? A mchenga umenewo?"

"Ndiwonjezera yachisanu ndi chimodzi, kuti ikwane."

"Pansi pa nyumba ndi mawilibala awiri! Awiri! A mchenga wa kumtsinje, wosefa!"

"Munthu wapaulendo asavutike ndi za eni khomo."

Anambewe anatenga ndowa ya madzi, naikweza m'mwamba, simenti ndi mchenga asanazisakanize n'komwe. A Esitele amalumbira kuti anaona a Vitus akutseka maso ngati akuwabaya jakisoni.

"Musathire! Muyambe mwasakaniza zouma mpaka mtundu ukhale umodzi! Madzi pang'onopang'ono, likhale ngati phala lolimba, osati thobwa! Ndipo levulo yoyezera kupendekeka ili kuti? Mwaika zikhomo? Madzi okolopa adzathamangira kuchipinda!"

"Adzathamangire. Mudzakhala muli ku Chiosya."

Madzi anayamba kutsika. Sindinaonepo munthu wa zaka zimenezo akutsika makwerero motero. Anatsomphola ndowa, nakankha mchenga wa pamsewu uja ndi fosholo kuutulutsa kunja, akutukwana mchenga, ng'ombe, ndi aliyense amene anaphunzitsa anthu a m'mudzi uno kugwira ntchito. Anapulumutsa simenti yomwe inali isananyowe, naiwolera m'beseni.

"Matumba alipo angati?"

"Okwana balaza ndi khonde," anayankha a Esitele, mosangalala kuti tsopano aloledwa kulankhula. "Ali pa matabwa, kutali ndi khoma. Sanakwane miyezi itatu."

A Vitus anawayang'ana akazi awo. Apa anazindikira kuti munthu amene anasunga simenti mwa malamulo onse sangaiwale kuti mchenga wa pamsewu ndi woipa. Kwa zaka zonsezi Anambewe ankamva chipongwe chilichonse chomwe chinkaperekedwa pakhondepo, ndipo anasunga chilichonse.

"Mwachitira dala."

"Fosholo ili m'manja mwanu, abambo a Pilirani. Mukhoza kuiika pansi n'kukweranso. Ine ndithira ndekha mmene ndikudziwira, ndipo aliyense wodutsa adzauzidwa kuti pansi apa ndi pa nyumba ya a Vitus Kaphwiti."

A Goliati anaona kuti nkhani ikuwapulumuka, ndipo anaimirira. "Ndanena kuti Loweruka! Mawu anga ndi amodzi!"

Anambewe anatembenuka, manja ali mbuu ndi simenti. "Achimwene, malo ano anandilozera ndi amayi, inu mutagwira chingwe. Munapatsidwa kusunga mbumba, simunapatsidwe kusankha wogona m'chipinda changa. Tsiku lomwe ndidzatope naye munthuyu ndidzamuuza ndekha, pakamwa ndili napo. Ndipo nkhani ya mitengo ija tikaikamba kwa ankhoswe. Pitani mukasonkhezere zigumu zanu."

Anthu anaseka mobisa, ena mosabisa. A Goliati ananyamula mpando wawo.

A Vitus anaima pakati pa balaza lopanda denga, fosholo m'manja, nthawi yaitali ndithu. Simenti ikalowa pansi, njerwa zoyala zija zapita, ndipo khoma silingachoke osasiya chipsera. Ankadziwa zimenezo kuposa tonsefe. Kenako anayang'ana dzuwa, nayang'ana mitambo ya ku Zambia ija.

"Simenti siithiridwa padzuwa lotere," anatero mokalipa, ngati wina wawatsutsa. "Iuma msanga, ing'ambika. Ndipo mvula ikaigwera yaiwisi, yatha. Denga liyambe labwerera."

Anakweranso. Manambala aja anathandiza kwambiri, pakuti pofika madzulo lata lililonse linali pamalo pake. Ngolo ya Lachisanu inabweradi, koma inatumidwa kumtsinje kukatenga mchenga. Anathira balaza Loweruka, tsiku lomwe anauzidwa kuti lisawapeze, ndipo kwa masiku asanu ndi awiri anathirira pansipo madzi m'mawa ndi madzulo, atafunditsa masaka onyowa, osalola ngakhale mphaka kupondapo.

Pothira sitepe ya pakhonde, simenti idakali yofewa, Anambewe anatambasula dzanja. A Vitus anamasula chingwe cha nsapato chija pang'onopang'ono, ngati akuzula dzino. Sipanalayo ilipo mpaka lero pakhomo polowera, yomira theka, nambala teni ikuoneka, ndipo aliyense wolowa amaiponda.

Musaganize kuti mtendere unabwera. Njerwa za a Goliati zinatulukadi zigumu, ndipo mng'alu uja anautseka ndi thumba la feteleza. Mlandu wa mitengo ukuzengedwabe. Awiriwa akakumana pamaliro amakhala mbali zosiyana za bwalo. Pali mphekesera yoti a Vitus anaoneka ku Boma akusuzumira m'kabati ya masipanala, koma a Mahomedi anaphunzira, masiku ano sayamikiranso makasitomala awo kwa anthu.

Sabata yatha mnyamata wa ku Kapiri yemwe wangokwatira kuno anapita kukafunsa nzeru za maziko. A Vitus anamutukwana monga mwa nthawi zonse, za chingwe, za mchenga, za pepala lakuda. Pomaliza mnyamatayo anafunsa ngati amangire dothi kapena simenti, pakuti malowo ndi a kuchikazi.

A Vitus anayang'ana sitepe. M'nyumba munkamveka Anambewe akupukuta pansi ndi polishi wofiira.

"Mwamufunsa mkazi wanu?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye mwabwera kudzatani kuno? Chokani pakhonde panga, ndipo musaponde pomwe apukuta."